Dzino la mumchenga wa Mwanza: momwe kafukufuku akuyendera

Loweruka, 7 Seputembala 2024

Dzinoli sindinatole ndine. Anatola ndi mnyamata wa m'kalasi langa la Fomu 3 amene pa tchuthi amathandiza atsibweni ake kupakira mchenga pangolo mumtsinje wa Mwanza kuno ku Chikwawa, chakumtunda kwa mlatho wa pamsewu wa M1. Akuti fosholo inagunda kanthu, iye n'kuyesa nsangalabwi, koma poti aponye kutali anaona kuti mwalawo uli ndi miyendo iwiri. Wafika nalo kunyumba m'mawa uno atalikulunga m'kapepala ka shuga.

"Aphunzitsi, paja munati mwala ulibe mizu. Nanga uwu?"

Ndi dzino ndithu. Lakuda bii, losalala ngati lapakidwa polishi, lonenepa ngati nsonga ya chala changa chachikulu. Lili ndi mizu iwiri, umodzi wathunthu, wina wothyoka pakati. Pamwamba, pomwe payenera kukhala nsonga, pali pathyathyathya.

Pachikuto cha kope lino ndalemba mafunso awiri: ndi la nyama yanji, ndipo lakhala zaka zingati. Ndivomere lero lomwe, kuti mawa ndisadzakane, kuti mumtima ndayankha kale kuti ndi la mkango wakalekale. Umboni ndilibe, ndangolifuna choncho.

Mayi akunyumba alikana. "Bambo, chinthu chimenecho chisagone m'nyumba muno. Mukudziwa yemwe anachitaya?" Ligona m'chitini patsindwi la khitchini.

Lachitatu, 18 Seputembala

Ndaliyeza mu labu ndi vernier caliper, kachida koyezera kukula kwa tinthu ting'onoting'ono, katatu katatu. Mutu wa dzino, mbali ija imaonekera kunja kwa nkhama, ndi mamilimita 21 mulitali, 15 mulifupi, 13 msinkhu. Kuphatikiza muzu wathunthu uja likufika mamilimita 38. Pasikelo likulemera magalamu 11. Nditaliviika m'madzi mu silinda yoyezera, madzi anakwera ndi mamililita 4.5.

Ndimayembekeza zambiri pa kulemeraku, chifukwa aliyense wolinyamula akumati, "Eee, koma ndiye lalemera, lasanduka mwala." Masamu sanandikomere. Magalamu 11 kugawa ndi 4.5 ikutuluka 2.4. Enamelo, chikamba cholimba chokuta dzino, amalemera pafupifupi katatu kuposa madzi ngakhale m'kamwa mwa nyama yamoyo, ndipo mnofu wolimba wam'kati mwa dzino umaposa kawiri pang'ono. Ndiye dzino la mbuzi yophedwa dzulo lingandipatse nambala yoyandikana ndi yomweyo. Fupa likasanduka mwala umalimva m'dzanja chifukwa fupa lili ndi timabowo tambiri tomwe timadzaza. Dzino limabadwa lili mwala kale.

Loweruka, 21 Seputembala

Pafupifupi aliyense amene waliona kuno akuti ndi la ng'ona. Sindikuwadabwa: kwathu kuno chilichonse cha mano chotuluka m'madzi ndi ng'ona mpaka utapeza umboni wina. Ndinapalasa njinga kupita kudoko kwa bambo wina msodzi, wa mpingo wathu, amene amasunga mano awiri a ng'ona omwe anatsalira muukonde wake ulendo wina itawung'amba.

Kungowaika pamodzi pamphasa, nkhani inatha. La ng'ona ndi losongoka ngati nyanga ya mbuzi, lili ndi kamzere kakuthwa mbali ziwiri, ndipo kunsi kwake ndi kwamphako, mutha kulowetsamo kamtengo ka machesi. Mphakoyo ili ndi ntchito: ng'ona imasintha mano moyo wake wonse, ndipo latsopano limakulira m'kati mwa lakale mpaka kulikankhira kunja. Muzu wake ndi umodzi. Langali ndi lodzaza, la mizu iwiri.

Msodziyo analitembenuzatembenuza n'kunena, "Ili si la m'madzi, achimwene. Ili ndi la chinthu chotafuna. Ng'ona sitafuna, imangogwira n'kupotokola."

Ana a m'kalasi nawo ali ndi yawo: akuti dinosaur. Anamva za Malawisaurus wa ku Karonga, uja mafupa ake anakumbidwa ku Mwakasyunguti ndipo chifanizo chake chaima mu myuziyamu ya pa boma la Karonga. Ndinawauza kuti chinyamacho chinkadya masamba, mano ake anali ngati tizikhomo, ndipo chinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Madinosaur odya nyama anali ndi mano aphanthiphanthi ngati mpeni, a timanomano ngati sowo, muzu umodzi. N'zoona kuti ku Lengwe ndi ku Mwabvi kuli miyala yakale kwambiri, ija amaitcha Karoo, momwe mulinso malasha, koma dzino la maonekedwe awa ndi la nyama yoyamwitsa, ndipo afisi ndi mikango anadza miyalayo itakalamba kale. Anakhumudwa. Mmodzi anafunsa ngati zimenezi zibwere pamayeso.

Lamlungu, 29 Seputembala

Mvuu, njiri ndi nguluwe ndazichotsa mosavutika. Mano a nyama zodya udzu ndi mizu amakhala ndi mapiri angapo kapena mizere yopindikapindika pamwamba. Ili lili ndi phiri limodzi lalikulu.

Galu anandidyera nthawi pang'ono. Anyamata anandipezera chibade cha galu wogundidwa ndi galimoto kalekale chakufupi ndi Bereu, chouma mbee. Galu ali ndi mano 42. Ambiri mwa aja a pakati pa dzino losongoka ndi lodulira nyama ali ndi mizu iwiri, inde, koma ndi ang'onoang'ono ndiponso opyapyala. Lalikulu mwa iwo silikufika ngakhale theka la kunenepa kwa langali. Mmbulu ndi wachibale wa galu, mano ake ndi okulirapo koma opangidwa chimodzimodzi, ndiye nawonso wagwa. Nkhandwe ndi fungwe ndi zazing'ono kwambiri.

Watsala mkango wanga uja, kambuku ndi fisi.

Loweruka, 5 Okutobala

Lero ndi tsiku lomwe ntchitoyi yasuntha kwenikweni, ndipo si ine ndaisuntha.

Kuseri kwa msika kuli mdala wina amene anagwira ntchito ya ugemu zaka zambiri asanapume. Ndinapita ndi chitini changa, ndinapereka moni, tinakamba za mvula ndi mitengo ya chimanga monga mwa mwambo, kenaka ndinatulutsa dzino. Ndinayamba ndi kunena kuti ndikuganiza kuti ndi la mkango.

"Ukatchula mkango kwera m'mwamba, aphunzitsi," anatero akuseka. Sanavale n'komwe magalasi. Analiika pachikhatho n'kuyendetsa chala chachikulu pamwamba pake, pathyathyathya paja, uku maso ali kwina. "Fisi uyu. Ndipo nkhalamba."

Ndinawapempha andifotokozere. Anandiuza kuti ndikatenge munsi womwe unali utatsamira mtondo pakhonde. "Onani kumutu kwake. Wathera kuti? Kunsi kokha, komwe umasinja. Tsopano onani nsangalabwi ya mumtsinje: imatha mbali zonse." Apa m'pamene ndinaona chomwe ndakhala ndikuchiyang'ana mwezi wathunthu osachiona. Dzinoli latha kawiri, ndipo kutha kuwiriku n'kosiyana.

Kutha kwina ndi kwa mtsinje. Kumeneku kuli paliponse: m'mphepete monse mwaundana, nsonga ya muzu yabulungira, ngakhale pothyoka paja pasalala. Mchenga susankha.

Kutha kwinako kuli malo amodzi, pamwamba, ndipo ndi kowongoka ngati munthu wadula ndi sowo n'kupala. Ndi galasi lokuzira zinthu ndikuona bwinobwino mkombero wa enamelo wokhuthala, wakuda, ndipo pakati pake pali bwalo lofiirira lolowa pansi pang'ono, pomwe mnofu wam'kati unaonekera. Mtsinje sungasankhe nsonga yokha n'kuipala chonchi, kusiya m'mbali muli msinkhu wa mamilimita 13. Izi zinachitika nyamayo ili moyo, ikuphwanya chinthu cholimba pamalo omwewo chaka ndi chaka.

Poyamba ndinkadandaula kuti kutha kwa nsongaku kwandibisira mwini dzino. Kani ndiko kumene kukumuulula. Mkango ndi kambuku ali ndi mano 30 okha, ndipo a m'masaya ndi opangidwa kuti azidula nyama ngati sizasi: opyapyala, mulifupi mwake pafupifupi theka la mulitali, okhala ndi tinsonga tina kutsogolo ndi kumbuyo. Akamatha amathera m'mbali, pomwe lakumwamba limakhulana ndi lakunsi. Fisi ali nawo odulirawo, koma kutsogolo kwake ali ndi mano onenepa, ozungulira ngati chulu, a enamelo wokhuthala, omwe ntchito yake ndi kuswa mafupa. Langali, 15 kugawa ndi 21, likupitirira magawo asanu ndi awiri mwa khumi. Ndi nyundo, si sizasi.

Mdalayo anawonjeza zomwe sindikanazipeza m'buku la sukulu. Akuti kutchire akapeza chibade cha fisi ankadziwa msinkhu wake poyang'ana dzino lomweli: la wamng'ono ndi losongoka, la wamkulu limayamba kabwalo pamwamba, kabwaloko n'kumakula mpaka dzino kutsala chitsa. Anatinso ndowe za fisi zikauma zimayera ngati choko chifukwa cha mafupa omwe amameza. Izi ndinkazidziwa, koma sindinaziphatikizepo ndi dzino lomwe linali m'manja mwanga.

Ndinafunsa za mikango ya ku Majete. Anati ija anachita kubwera nayo mu 2012, itatha zaka zambiri kulibe, a African Parks atatenga malowo mu 2003. "Koma fisi sanasamukepo m'chigwa chino. Funsani a ku Chapananga omwe amaweta mbuzi."

Pobwerera ndinalakwitsa kuuza anzanga pa bawo kuti ndili ndi dzino la fisi. Kuno mawu amenewo ali ndi matanthauzo ambiri, ndipo palibe ndi limodzi lomwe labwino. Wina anafunsa ngati ndi fisi wa miyendo inayi kapena iwiri. Wina anati ndiye kuti ndayamba kukonza zoyendera za usiku. Mayi akunyumba atamva anangoti, "Ndinanena ine." Chitini chasamukira mu kabati ya ku labu.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ngozi. Ndimaonetsa ana a Fomu 4 kusiyana kwa kutha kuwiri kuja, dzino likuyenda kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo, ndipo linapulumuka n'kugwera pasimenti. Muzu wathunthu uja wadukira chakunsi, kachidutswa ka mamilimita 9. Mtsikana amene linamupulumukayo analira. Wolakwa ndine: chinthu cha mtundu umenewu umaonetsera pathebulo, pansi utayala nsalu.

Ukali utatsika ndinayang'ana pothyokapo. Kuda kuja n'kwapamwamba chabe, sikukufika ngakhale milimita imodzi. M'kati ndi mofiirira ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Kanjira kapakati pa muzu, momwe munkadutsa mitsempha, kadzaza ndi mchenga wosalala womwe wagwirana gwa, wosakokoloka ndi singano.

Popeza kachidutswa kapezeka kale, ndayesera pa ikoko zomwe sindikanayerekeza padzino lathunthu. Ndinawotcha singano mpaka kufiira n'kuigunditsa pothyoka. Fungo palibe. Nditachita chimodzimodzi padzino la mbuzi la kubutchala, labu yonse inanunkha tsitsi lopserera, chifukwa m'dzino latsopano mumakhala mudakali kolajeni, ulimbo wa m'thupi womwe umamanga mafupa. Kenaka ndinadontheza viniga pa mchenga wogwirana uja: unatulutsa tithovu ting'onoting'ono. Chomwe chaumata ndi laimu.

Ndiye dzinoli si la fisi wofa chaka chatha. Linakhala m'nthaka nthawi yokwanira kuti ulimbo wake uthe ndiponso kuti madzi a laimu amate mchenga m'kati mwake. Koma ndisadzinamize. Kutentha kwa kuno, ndi nthaka yonyowa n'kuuma chaka chilichonse, zimadya kolajeni msanga. Ndipo laimu m'dothi lathu si wosowa: aliyense amene analimapo thonje m'makande a ku Ngabu amatidziwa timiyala toyera tija timatuluka ndi khasu.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tchuthi cha Tsiku la Amayi. Tinanyamuka mbandakucha ine, mnyamata uja ndi atsibweni ake, kuti tikaone pomwe linatoledwa dzuwa lisanakwiye. Mwezi uno kuno kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo mchenga wa Mwanza ikamakwana 10 koloko suupondeka.

Mtsinjewu nyengo ino ndi msewu wa mchenga basi. Amayi akukumba timaenje kuti apeze madzi, ngolo zikulowa ndi kutuluka. Dzenje lomwe anapakirapo tsiku lija linakwiririka kalekale, ngolo zina zinadutsapo. Mwini ngoloyo analoza ndi chikwapu malo aakulu ngati bwalo la mpira n'kunena, "Chapomwepa, aphunzitsi."

Tinasefa mchenga ndi sefa ya omanga kwa maola awiri. Tapeza zigoba za nkhono, mapale atatu, chidendene cha nsapato ya pulasitiki, mano awiri a nyama yodya udzu, ndi fupa limodzi lomwe landiphunzitsa kuposa zonsezo. Ndi la mwendo wa ng'ombe, lakuda bii ngati dzino langa, lonyezimira chimodzimodzi. Kumapeto kwake ndi kodulidwa mowongoka ndi sowo ya kubutchala, timizere ta sowoyo tikuonekabe. Fupa la msuzi wa munthu wa masiku athu ano, koma mtundu wake ngati la nthawi ya Nowa. Kudaku kumachokera ku chitsulo ndi manganese za m'madzi ndi m'matope, ndipo sizidikira zaka zikwi kuti zipake fupa.

Ili ndilo vuto la chinthu chotoledwa mumtsinje. Ku Uraha, ku Karonga, komwe mu 1991 gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya munthu wakale ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, zakazo anaziwerenga poona nthaka yomwe inatulukamo ndi mano a nguluwe zakale opezeka m'nthaka yomweyo, omwe msinkhu wake unali wodziwika kuchokera ku malo ena a kum'mawa kwa Africa. Fupa limanena zaka zake kudzera mwa anzake omwe linagona nawo. Langali anzake ndi chidendene cha nsapato ndi fupa la msuzi. Madzi a mu Januwale 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu 2022 omwe anagumula mlatho wa Chapananga pamtsinje womwewu, ndi a Freddy mu Malichi 2023, onsewo anagumula magombe, kusakaniza zakale ndi zatsopano ngati nsima ya pamaliro, n'kuzitaya kuno kumunsi.

Tisanabwerere tinayenda chokwera pafupifupi makilomita atatu. Pamalo awiri mtsinje wadula gombe lalitali kuposa munthu, ndipo dothi likuoneka m'magawomagawo: pamwamba lakuda, pakati mchenga, pansi dongo lofiirira lolimba lokhala ndi timiyala toyera ta laimu tija. Mtundu wa dongolo ukufanana ndi zomwe zili m'kati mwa muzu. Fupa sitinaonemo ndi limodzi lomwe. Malo onse awiri ndawajambula pafoni ndi kulemba manambala a GPS.

Loweruka, 2 Novembala

Pomwe tafika ndi apa.

Funso loyamba ndikuliona kuti layankhika. Ndi dzino loswera mafupa la fisi wamkulu msinkhu, limodzi mwa aja a pakati pa tsaya. Kukula kwake kukugwirizana ndi fisi wamawangamawanga, yemwe ndiye fisi wa dziko lino. Ngati ndi lakumwamba kapena lakunsi, tizizindikiro ta m'mphepete tomwe tikanandiuza tinapita ndi mchenga, ndipo pafunika kuliika pambali pa chibade chenicheni cha fisi.

Funso lachiwiri ndalisiya pomwe umboni wandisiya. Ndi lakale moti ulimbo unatha ndipo laimu analowa. Akatswiri amati chinthu ndi fossil, kutanthauza chotsalira cha chamoyo chakalekale, chikapitirira zaka pafupifupi 10,000, ndipo afisi a mtundu uwu akhala mu Africa zaka zoposa 3 miliyoni, choncho maonekedwe okha sangandiuze kuti lili mbali iti ya malirewo. Njira yoyezera zaka yotchedwa radiocarbon imafika zaka pafupifupi 50,000, imafuna kolajeni yemwe singano yanga sinamupeze, ndipo zoyezedwazo zimapita kunja. Malipiro a mphunzitsi safika kumeneko. Pakalata yomwe ndamata pachitini ndalemba kuti "dzino la fisi, lakale, zaka zosadziwika". Mphunzitsi mnzanga wa Geography anati ndilembe "fossil" kuti ana azinyadira. Ndakana.

Kwabwera munthu wina sabata ino, wovala bwino, atamva mbiri kumsika. Amafuna kugula, ndipo sananene chomwe akukalichitira. Ndinamuuza kuti lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale zokumbidwa pansi, ndipo woyenera kudziwitsidwa ndi a nthambi ya boma yoona za myuziyamu ndi zipilala, osati wogula wa pamsewu. Anachoka akung'ung'udza kuti aphunzitsi timakonda umphawi.

Lachisanu likudzali ndili ndi ulendo wa ku Blantyre, ndiye ndidzera ku myuziyamu ya pa Chichiri. Ndalikulunga ndi thonje, kachidutswa kothyoka kali m'kabotolo kakekake, ndipo ndakopera miyeso yonse, tsiku lotoledwa, manambala a magombe awiri aja ndi mbiri ya kugwa kwake pasimenti. Sindinamate ndi guluu. Fupa la ng'ombe lija ndikutenganso, akaone okha momwe madzi a Mwanza amapakira.

Mnyamata wotolayo anafunsa ngati dzina lake lilembedwe. Ndalilemba pamzere woyamba wa kalatayo, pamwamba pa langa. Atsibweni ake alonjeza kuti chilichonse cha mizu chomwe fosholo igunde azichiika pambali, ndipo azikumbukira kuti chatuluka pakuya bwanji. Mvula yoyamba ikagwa, madzi n'kuphwera, tibwereranso ku magombe awiri aja kukaona zomwe dongo lofiirira lija litakhale litalavula. Sefa ndabwereka kale kwa omanga, akuti ndibweze Januwale asanathe.